Chipongwe cha Madala Awiri ku Takoma Park

Ntchito yanga yachitatu ku America inali yosamalira bambo wina wokalamba ku Takoma Park. Ndinayamba mu 2004, nditatopa ndi yokolopa m'maofesi. Bamboyo anali Mngelezi, koma adakhala kuno zaka zambiri akujambula mapu pa ofesi ina mumzinda mpaka kupuma. Akazi awo adamwalira kale. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankakhala kutali kumadzulo kwa dziko, ndiye adandilemba ntchito. Chinkawavuta ndi miyendo basi. Mutu ndi pakamwa zinali zakuthwa. Ndinkawatchula kuti agogo, ndipo iwo sanakane.

Ndinkagona m'chipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira. Chaka choyamba chinali chabata. Tiyi, mankhwala, kuwasambitsa, kuyenda pang'ono mpaka pa ngodya ya msewu ndi kubwerera. Mnzawo mmodzi ankaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo ndinkangomva agogo akukalipa kenako n'kuseka, koma munthuyo ndinali ndisanamuone.

Mu Julaye 2005 agogo anaitana anthu kudzaika dishi ya TV padenga. Anandiuza kuti timu ya kiriketi ya Australia yapita ku Mangalande, ndipo kukhala masewero asanu, lililonse la masiku asanu. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Masiku asanu, agogo? Mpira umodzi?"

"Ndipo nthawi zina palibe wopambana," anatero, akuoneka onyadira zimenezo.

Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, masewero ankayamba kusanache bwino. Ine ndinkadzuka kuswali m'bandakucha, ndikapinda mkeka wanga n'kukwera kukawadzutsa ndi kuwakhazika pampando. Tsiku loyamba, cha m'ma sikisi, belu linalira. Pakhomo panali bambo wamtali, wofiira nkhope, atavala chipewa chachikasu chotambalala. Anali mnzawo wa pafoni uja, ndipo anachokera ku Arlington pa sitima yoyamba. Anandipatsa moni mwaulemu, koma atangolowa pabalaza anafuula:

"Kodi mukadali moyo? Ndimayesa mantha akuphani usiku."

Agogo sanatembenuke n'komwe. "Mwana wanga, bisa masipuni," anandiuza. "Kwalowa mdzukulu wa akaidi."

Ndinaima ndi thireyi m'manja osadziwa koyang'ana. Kwathu ku Machinga mawu otere kwa mlendo ndi mlandu. Pambuyo pake ndinamva kuti kalekale Angelezi ankatumiza akaidi awo ku Australia, ndipo agogo sankalola mnzawoyo, yemwe kwawo kunali komweko, kuiwala zimenezo. Iyenso ankabwezera. Ankati Angelezi ndi anthu odandaula, dziko lawo ndi la mvula yokhayokha, adayambitsa masewero amene sadziwa kusewera. Adadziwana zaka makumi atatu zapitazo pa bwalo lina ku Maryland kumene alendo ankasewera Lamlungu. A ku Australia adaponya mpira n'kuthyola agogo nthiti, ndipo popita nawo kuchipatala adakangana njira yonse.

Chilimwe chimenecho ndinaphunzira kiriketi mosafuna. Ndinadziwa kuti woponya amafuna kugwetsa timitengo titatu, womenya n'kumatiteteza ndi thabwa lake, ndipo kuti osewera amasiyira pakati kukamwa tiyi. Angelezi anali atatha zaka zambiri osawagonjetsa a ku Australia. Chaka chimenecho anawagonjetsa. Tsiku lomaliza, mu Seputembala, agogo anaimirira okha popanda chogwirira, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Mnzawoyo anavula chipewa, anawagwira chanza, nati: "Sangalalani msanga. Chaka chamawa mukubwera kwathu."

Mu Okutobala chaka chotsatira agogo anachita sitiroko ali kubafa. Ndine ndinawapeza. Anakhala m'chipatala milungu isanu, ndipo pobwerera mbali ya kumanja inali yakufa, pakamwa patapotoka. Ankamva zonse, maso ankaonetsa, koma mawu sankatuluka. Mwana wawo anabwera, anakhala masiku khumi, analira, nabwerera ku ntchito. Tinaika bedi lachipatala pabalaza, pamene panali mpando wawo.

Kumapeto kwa Novembala masewero anayambanso, ulendo uno ku Australia. Nthawi yake inkapezana ndi yogona agogo, choncho ndinkajambula pa tepi kuti aonere mmawa. Mnzawo uja anabwera ndi chipewa chake chomwe chija. Anaima kumiyendo kwa bedi, anawayang'ana kanthawi, kenako anati:

"Ndiye mwafika podwala dala kuti musayankhe? Ndimadziwa kuti Angelezi ndi amantha, koma apa mwaonjeza."

Mtima wanga unawira. Ndinali nditatha milungu ndikutembenuza bambo ameneyu, kuwapukuta malovu, kuwamwetsa phala ndi kasipuni. Ndinawaitanira a ku Australia kukhitchini ndi kutseka chitseko.

"Bambo, pepani, koma zimenezi ayi," ndinatero. "Munthu uyu akudwala. Sangadziyankhire. Ngati mwabwera kudzazonda, zondani mwaulemu. Ngati mwabwera kudzanyoza, khomo ndi ilo."

Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwawo. "Mukunena zoona, mayi," anatero motsitsa. "Sindinaganize bwino."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera opanda chipewa. Ankakhala pambali pa bedi ngati ali m'tchalitchi. Timu yawo inapambana sewero loyamba mosavuta, ndipo iwo anangoti: "Anyamata anu ayesetsa." Sewero lachiwiri Angelezi anayamba bwino kwambiri, koma tsiku lomaliza anagwa mmodzimmodzi ngati nthochi zakupsa. Ngakhale ine ndinaona kuti n'zochititsa manyazi.  A ku Australia anasisita phewa la agogo n'kunena kuti, "Musadandaule, zimachitika."

Agogo anawayang'ana nthawi yaitali. Ndi dzanja lawo lamanzere anakankha rimoti mpaka inagwa pansi, natembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku limenelo anakana phala. Mawa lake anamwa masipuni atatu okha. Namwino wobwera pakhomo anawayeza, anati thupi silinasinthe, mwina ndi kukhumudwa kumene kumabwera ndi matendawa. Ine ndinkaganiza kuti akhumudwa ndi kugonja kwa timu yawo, moti ndinafuna kusiya kujambula.

Loweruka kunkabwera mayi wina wa ku Lusaka kudzandilandira kuti ndipumeko. Ndinamufotokozera zonse tili pakhonde, mpaka za kukhitchini zija. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Iye anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Iwe, ni chimbuya chabe chija," anatero. "Kwathu Mngoni na Mubemba amatukwanana olo pamaliro. Ukaona mbuya wako akukupatsa ulemu, ninshi zavuta. Manje iwe wamuuza mudala kuti wafa kudala."

Chimbuya chakecho n'chonga chisuweni chathu, ndipo ankatanthauza kuti ndawasandutsa agogo munthu wakufa kale. Ndinakumbukira asuweni anga, ana a amalume, mmene tinkanyozerana tikakumana. Ndinakumbukiranso chaka chimene ndinadwala kwambiri ndili mtsikana, msuweni wanga wina wolongolola atabwera n'kukhala phee pamkeka, akundiyankhula mofatsa. Pamenepo m'pamene ndinachita mantha. Ndinali ndikuzidziwa zimenezi kuyambira kale, koma sindinaganize kuti zingakhalenso m'nyumba ya azungu.

Masana omwewo ndinaimba foni ku Arlington. Kupepesa kwa munthu wamkulu m'chiyankhulo cha eni n'kovuta, ndipo ndinazungulira kwambiri.

"Bambo, ndinalakwitsa. Chiyambireni kuwalemekeza, agogo sakudya."

 

"Dokotala amawalemekeza, namwino amawalemekeza, inenso ndimawalemekeza," ndinapitiriza. "Aliyense akuwayankhula ngati mwana. Munatsala inu nokha."

"Ndiye mukuti nditani?"

"Mubwere ndi chipewa chija."

Sewero lachitatu linatha patatsala sabata kuti ifike Khrisimasi. Kunja kunali kuzizira, mitengo yonse ya mumsewu itayoyoka masamba. A ku Australia anafika atavala chipewa ndi mpango wachikasu. Ndinaona kuti pakhomo anazengereza pochotsa jekete. Koma atalowa anayamba ndi mawu okweza.

"Dzukani, dzukani, mudzaone maliro a dziko lanu! Mayi awa anandiletsa kulankhula, koma lero andimasula. Ndasunga zambiri."

Ndinayatsa tepi. Womenya aliyense wa Angelezi akatulutsidwa m'sewero, iwo ankaimirira n'kumutsanzika ndi chipewa. Anati agogo awo aakazi akanamenya bwino ndi tsache. Anati chaka chatha chija inali ngozi, ngati kugwa m'bafa. Apo ndinagwira mtima, ndinati tsopano apyola. Koma agogo anali atatembenuka. Maso anali pa mnzawoyo, akuthwa ngati kale. Womaliza atatuluka, a ku Australia anayamba kuimba nyimbo ya kwawo ndi mawu oipa kwambiri, akuguba mozungulira bedi.

Dzanja lamanzere la agogo linafufuza pa tebulo, linapeza kasipuni ka phala, n'kuponya. Kanawamenya pachifuwa. Kenako pakamwa paja panayamba kugwira ntchito, milomo ikulimbana, mpaka panatuluka liwu limodzi, lolemera, losamveka bwino, koma tonse tinalimva.

"Mkaidi."

A ku Australia anasiya kuimba. Anatola kasipuni kaja, anakayang'ana, nati: "Mwaona, mayi? Ngakhale kuponya amaphonya. Amafuna kumutu." Atatero anatuluka kupita pakhonde, ndipo anakhalako nthawi yaitali m'chisanu muja. Sindinawatsatire. Ndinatenga kasipuni kena, ndipo agogo anamaliza phala lonse.

Sindinganene kuti anachira. Mawu amene anabwerera sanakwane khumi, ndipo ambiri anali achipongwe. Angelezi anagonja masewero onse asanu, ndipo mnzawoyo sanawakhululukire ngakhale limodzi. Kiriketi itatha ankabwerabe kawiri pa sabata, kudzawawerengera nyuzi ndi kutsutsa chilichonse chimene ankaganiza kuti agogo angagwirizane nacho. Mu Febuluwale agogo anadwala chibayo. Anamwalira mu Malichi, m'chipatala, mwana wawo ali pambali.

Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi chaching'ono pafupi ndi kunyumba. Ndinakhala kumbuyo ndi mpango wanga kumutu. Anthu anali ochepa. A ku Australia atapatsidwa mpata wolankhula, anaima kutsogolo ndi kapepala. Anati adadziwana ndi malemuwo zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo malemuwo sananenepo chinthu chimodzi cholondola chokhudza kiriketi. Anthu anaseka. Anati anali munthu wamakani, wosavomera kugonja, wokonda tiyi woipa. Anayang'ana kapepala kaja kuti apitirize, koma mawu anakana. Anaima choncho mpaka abusa anabwera kudzawagwira mkono.

Nyumba inagulitsidwa. Ine ndinapeza ntchito ina ku Manassas, yosamalira mayi wina amene sankaonera masewero alionse. Tsiku limene ndinkasamuka, a ku Australia anabwera kudzandithandiza kunyamula zikwama mpaka pa siteshoni ya Takoma. Anandiuza kuti akuganiza zobwerera kwawo, kumene kunali mchemwali wawo. Tinaima papulatifomu kudikira. Sitima itaonekera patali, anandifunsa:

"Mayi, zaka ziwiri zonsezi munkaonera nafe. Inu munali mbali iti?"

"Ya agogo," ndinayankha.

Anapukusa mutu mwachisoni. "N'zomvetsa chifundo. Ndinkakuyesani munthu wanzeru."

Anandikwezera zikwama, natsikanso zitseko zisanatseke. Chaka chotsatira ndinalandira khadi lochokera ku Australia, la mizere itatu, londiuza kuti anafika bwino ndipo kukutentha. Ndinayankha, koma sindinamvenso za iwo.