Chithunzi cha Mgolo ndi Paipi

M'kabuku kanga ka chaka chimene ndinali mu Giredi 12 muli tsamba limene ndinalembapo mawu anayi okha: "Azakhali ndimadana nawo kwambiri." Ndinakanikiza bolopeni mpaka pepala linabooka.

Ndinkafuna kukaphunzira uinjiniya wa makemikolo ku yunivesite ya ku Kopala. Aphunzitsi athu a kemisitiri anandipezera fomu, ndinalemba zonse, panatsala poti kholo lisaine. Kusukulu kwathu zipangizo zinali zosweka, ndiye mmene nthunzi imazizirira n'kusandukanso madontho tinkangoonera pa bolodi. Ine ndinafuna kuona ndi maso. Loweruka lina ndinapita kwa mayi wina wa kwathu ku Bundabunda amene ankaphika kachasu. M'kope langa ndinajambula mgolo, paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndi botolo lolandira madontho. Sindinalawe. Ndinangofunsa chifukwa chake amasintha madziwo akafunda.

Azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankatsogolera amayi a kutchalitchi, anandiona ndikutuluka kumeneko. Lamlungu titaweruka anafika kwathu asanavule n'komwe yunifolomu. Anatenga kope langa patebulo, n'kuvundukula mpaka anapeza chithunzicho, n'kuwaonetsa atate.

"Alongo anga, onani sukulu ya mwana wanu. Ni iyi."

"Ba anti, ni sayansi," ndinatero. "Ngakhale petulo amaipatula chimodzimodzi."

"Iwe ufuna uniphunzitse ine? Mgolo uyu niudziwa mwini wake. Mpaka kupindika kwa paipi wajambula. Ku Kopala ufuna ukatenge digiri ya kachasu?"

Atate anali mkulu wa mpingo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anandifunsa, "Unapitako?"

"Ninapita, atate."

"Sinisaina." Anang'amba tsambalo n'kuliika m'thumba la jekete.

Pofika Lachiwiri, kuchitsime azimayi a m'mudzi ankandipatsa moni woti, "Bwanji ba injiniya, lero mwaphika?" Nkhaniyo anaifalitsa ndi azakhali, nyumba ndi nyumba, eti popempha kuti andipempherere. Mwana wawo anasiya sukulu mu Giredi 9, ndipo zimenezo palibe anazipempherera. Izi ndinazilembanso m'kabuku, ndipo sindinazifufute.

Fomu inayenera kubwerera kwa aphunzitsi Lachisanu. Lachinayi masana tikutongola chimanga, atate atapita kudimba, amayi anga anapukuta manja pa chitenje.

"Bweretsa pepala lako lija."

Anasiya sukulu mu Giredi 4, ndiye dzina lawo analilemba pang'onopang'ono, pepala atalitsamiritsa pa bondo.

"Mgolo uja unaujambula bwino," anatero. "Atate ako nikamba nawo ine. Koma ba anti ako uziwapatsa moni."

Fomu inapita Lachisanu. Atate sanandilankhule milungu iwiri.

Moniwo ndinkaupereka, nditagwada bwinobwino, maso ali pansi. Chithunzi ndinajambulanso patsamba loyamba la kope, chachikulu kuposa chija, kuti azakhali akadzabweranso asavutike n'kuvundukula.