Phewa Lamanzere la a Clarrie Dunstall

A Clarrie Dunstall aweta nkhosa m'mbali mwa mtsinje wa Paroo chiyambire unyamata wawo. Si munthu wotchuka. Ngakhale m'tauni ya Cunnamulla ambiri amangoti "mkulu wa chipewa chong'ambika uja". Chaka cha chilala, waya wa mpanda amene ankakunga anaduka n'kuwakwapula m'diso lakumanja. Diso linatsala, koma kuona kunapita.

Agalu akutchire sanadikire kuti mkuluyo achire. Kukacha ankapeza ana a nkhosa atang'ambidwa mimba, ena akupumabe. Wade, mwana wawo amene tsopano ankayendetsa famuyo, sanapsatire mawu.

"Adadi, nkhosazi tikungowetera agalu. Ikafika nthawi yometa ubweya zinthu zikadali chonchi, ndigulitsa zonse tigule ng'ombe."

"Ugulitsa za ndani?"

"Nanga muwombera ndi chiyani? Diso lija linapita."

"Mulungu anandipatsa awiri, iwe. Kusukulu kuja sunafike powerenga?"

Munthu wowombera paphewa lakumanja amalunjika ndi diso lakumanja, ndiye a Clarrie anafunika kusamukira mbali inayo ali ndi imvi kale. Anaitanitsa mfuti yatsopano yolowetsa chipolopolo chimodzichimodzi, mpiringidzo wake wotsegulira polowetsa chipolopolopo uli wokokera kumanzere. Inabwera chitsulo chokhachokha. Thabwa lake, lija limanyamula mpope wa mfuti ndi kutsamira paphewa, anati akasankha okha kusitolo ya a Noelene Pratt, amene anakhala nawo kalasi imodzi kalekale.

A Noelene anayala matabwa atatu patebulo. Loyamba linali la mtengo wakunja, lonyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera.

"Ili ndiye lokuyenerani, a Clarrie. Mukalephera kuwombera mudzangolipachika pakhoma alendo aziyamikira."

"Mtengo wokongola ndinakhala nawo kale. Mvula ikagwa unkafufuma n'kukankha mpope, chipolopolo chizipita kwa aneba. Chotsani."

Lachiwiri linali la pulasitiki, lopepuka. Atalowetsamo chitsulo, a Clarrie anafinya kutsogolo kwake ndi zala ziwiri, ndipo linapindika n'kukhudza mpope.

"Lafewa chonchi tili pamthunzi. Nanga likakhalitsa padzuwa m'galimoto?"

Lachitatu linali la timatabwa topyapyala tomatidwa ndi guluu, lotuwa, lolemera, losasangalatsa m'maso. Koma silifufuma, silipindika, ndipo potsamira tsaya pake panali potukuka mbali yoyenera wamanzere. Analinyamula kuti ayese, ndipo manja, potsata chizolowezi, analipereka paphewa lakumanja. Anaima choncho akusuzumira m'galasi lolunjikira la pamwamba pa mfutiyo ndi diso lakufa.

A Noelene anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mwaona chiyani kumeneko, madala? Kumwamba?"

"Ndimayesa ngati mudakali ndi mano osekera."

Anasamutsira kumanzere, n'kutsinzina, kuika tsaya, kenako kutsegula diso. Galasi linali pamwamba pang'ono.

"Latsala pang'ono. Kotsalako ndikamaliza ndekha."

"Wade akudziwa kuti muli kuno?"

"Wade ndinamusintha matewera. Kulungani."

Kunyumba anadula chikopa cha chishalo chakale n'kuchimata potsamira tsaya mpaka diso linayamba kugwera pakati pa galasi lokha. Anapala mkati mwa thabwalo ndi tupa, akulowetsa kapepala kopichirira fodya pansi pa mpope, kufikira kanayenda kuchokera kunsonga mpaka kutsinde osakodwa. Mpope usakhudze kanthu, basi. Chiphunzitso chawo chonse chinali chomwecho.

Tisanamizane, masabata oyamba ankaphonya ngakhale chigubu cha mafuta. Thabwa linalibe mlandu, wolakwa anali mwini wake. Chala chamanzere chinkakoka mwaphuma, phewa linatupa, ndipo Wade ankadutsa panjinga yamoto osayang'anako, zimene zinkawawa kuposa chipongwe. Agalu nawo ankadyabe. Koma pang'onopang'ono mabowo pachigubu anayamba kuyandikana.

Ometa ubweya atatsala pang'ono kufika, a Clarrie anagona chafufumimba pamtumbira wa damu dzuwa likutuluka. Kunabwera galu wamkulu wofiirira, amene mapazi ake ankawapeza pafupi ndi mitembo. Chipolopolo choyamba chinangodzutsa fumbi kutsogolo kwake. Dzanja lamanja linathamangira kukafuna mpiringidzo kumene kunalibe. Anatukwana, nakoka ndi lamanzere n'kulowetsa chipolopolo china. Galuyo anaima patsidya kuti acheuke, monga amachitira, ndipo tsaya linagwera pachikopa paja. Chachiwiri sichinaphonye.

Kuno galu wotere timamupachika pampanda wa m'mbali mwa msewu, kuti oyandikana nawo adziwe. A Clarrie sanapite naye kumsewu. Anamupachika pageti la khola lometera nkhosa, pomwe Wade amadutsa m'mawa uliwonse.

Wade anazimitsa njinga n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi mmodzi yekha uyu, adadi. Alipo ambiri."

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso kuwerenga, ine."

"Mwamuwombera kangati?"

"Kawiri."

Wade anakanda m'mutu. Anati nkhosa zikhale chaka china, aone. A Clarrie sanathokoze. Anangomuuza kuti geti la kudamu lagwa, ndipo munthu wa maso awiri akanayenera kuliona dzana.