Mlamu wanga ndi atsogoleri ake mazana atatu

Mlamu wanga wakolopa makonde a koleji kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Simenti ya pakhomo la holo inaperepeseka ndi iyeyo. Akapitiriza zaka zina ziwiri, ndikukuuzani, aboola mpaka apeze madzi. Ophunzira amamutcha Mayi Makiyi, chifukwa mtolo wa makiyi umene amamangirira m'chiuno umamveka iye asanatsike n'komwe basi. Ntchitoyi ndiyo inalera ana ake anayi mchimwene wanga atatisiya, ndiyonso inamupatsa kanyumba kuseri kwa laibulale. Ntchito ikatha, nyumba nayo yapita.

Chaka chatha kunabwera bambo wina woonda, wa nsapato zosalira, woti aziyeza ngati ophunzira akukula pa utsogoleri. Anthu anamutcha a Sikelo. Munthu ameneyu akakuyang'ana, umamva ngati wapungukako makilogalamu asanu. Anabwera ndi fomu ya masamba anayi, ndipo tsamba lomaliza linkafuna "munthu amene munamutsogolera" asaine ndi kupereka malikisi. Wopanda tsambalo, satifiketi yake igona m'kabati.

Tsono mwana wa zaka makumi awiri watsogolerapo ndani? Anzake onse nawonso ndi atsogoleri. Panalibe wofuna kulembedwa kuti ndi wotsatira. Woyamba kutulukira njira anali mtsikana wina, amene anamupeza mlamu akufinya chokolopera.

"Amayi, paja tsiku lija ndinakuuzani kuti mutsegule mazenera?"

"Unandiuza, mwanangu."

"Ndiye kuti ndinakutsogolerani. Tandisainirani apa."

Mlamu anapukuta manja, nasaina, napereka khumi pa khumi. Mawa lake mzere unayambira pa kachipinda ka matsache kukafika kumsewu. Akumapeto ankachita kukwera basi kuti aone kutsogolo.

Ine ndinamuchenjeza. "Alamu, munthu mmodzi, mabwana mazana atatu? Ngakhale bulu angakane."

"Inu alamu, pakamwa panupo padzakupweteketsani. Ndi ana awa."

Kenaka kunangoti zii. Mafomu aja anali atafika kwa a Sikelo. Milungu itatu ankangoima kumapeto kwa khonde, fayilo kukhwapa, kumuyang'ana mlamu akukolopa. Ana, poopa a Sikelo, anasiya kumupatsa moni mlamuyo. Lolemba lina anapeza kalata yomuitana pansi pa chitseko cha kachipinda kaja.

Mu ofesi ya a Sikelo, mafomu anali ataunjikidwa patebulo mpaka kutseka zenera.

"Mayi, anasaina apa ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Onsewa anakutsogolerani, m'teremu imodzi?"

"Amatero eni ake, bwana."

"Ngati n'zabodza, mwanama pa pepala la koleji, ndipo makiyiwo muwasiya pano. Ngati n'zoona, tiziona ndi maso."

A Sikelo anasolola mafomu khumi pamulupo. Lachinayi m'mawa eni mafomuwo anaima m'holo, madesiki mazana awiri ataunjikidwa kukhoma. A Sikelo anawapatsa mphindi makumi atatu kuti amutsogolere mlamu kukonza holoyo kuti mulembedwe mayeso. Mlamuyo asachite chilichonse chimene sanauzidwe.

Mlamu anaima pakati, manja kumbuyo. Atsogoleri anayamba ndi kusankha wapampando. Zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Kenaka anakangana za mlembi. Wotchi ya pakhoma inkagunda ngati kalipentala akukhoma bokosi la maliro. Mtsikana wa mazenera uja anayamba kugwetsa misozi, ndipo mlamu ataona zimenezo anaiwala nyumba, anaiwala lamulo. Makiyi analira.

"Iwe wamtali, madesiki asanu ndi atatu pa mzere, kuyambira kuzenera! Inu awiri, mipando. Mwanangu, pukuta maso, tenga choko ulembe manambala. Wapampando, vula jekete!"

Ntchito inatha kutatsala mphindi zitatu. A Sikelo anatseka fayilo pang'onopang'ono, osamwetulira.

Kumuchotsa sanamuchotse, chifukwa kutero kukanakhala kuvomera kuti mafomu mazana atatu ndi abodza, ndipo sikelo yawo ndi yakufa. Anangomulanda makiyi, n'kumusiyira mmodzi: wa nyumba yosungiramo matiresi akale, kuseri kwa bwalo la mpira, kumene wophunzira safikako, kumene makoswe ake ndi aakulu ngati ana a ng'ombe. Kanyumba kakadali kake, koma kalata inati "pakadali pano". Ana aja analandira masatifiketi awo. A Sikelo analemba kuti anaonetsa luso logwirira ntchito pamodzi.

Masiku ano mlamu akamabwera simumumva. Kiyi mmodzi salira. Dzulo wandiuza kuti a Sikelo anafika kumatiresi kuja, naima pakhomo nthawi yaitali, fayilo yatsopano kukhwapa. Akuti chaka chino ayamba kuyeza antchito.