Kuyeza Ngati Mayi a Mapasa Akhalitse

Mayi a Mapasa analemba kapulogalamu kawo ali ndi pakati. Ankangothandiza mlamu wawo, amene webusaiti yake inkakana kugwirizana ndi detabesi, mosungira maina a makasitomala. Atamaliza anakaika pa intaneti kuti wofuna atenge ulere. Anthu anatengadi.

Mapasa aja pano ali ndi ndevu, koma kapulogalamuko kakuyamwabe. Eni chimango chomangirapo mawebusaiti akangosintha kanthu, iko kamathyoka, ndipo anthu osawadziwa n'komwe amawakalipira m'zilembo zikuluzikulu. Mayiwo amakonza kapulogalamuko zovala zili zoviika, laputopu ili patebulo lositirapo. Chaka chino anatsimikiza mumtima kuti basi, asiya.

Asanauze munthu, kunabwera bwana wa kampani ina, atatengana ndi nesi.

"Pepani mayi, tikusankha pulogalamu yoti tiidalire zaka zambiri," anatero bwanayo. "Ina taikana, mwini wake amayenda pa njinga yamoto. Yanuyi tafufuza, tapeza kuti chithandizo chake chonse ndi inu nomwe. Ndiye timati tikuoneni ngati mukhalitse."

Nesi anawayeza kuthamanga kwa magazi, n'kuwasuzumira m'kamwa. Bwana anafunsa kuti mayi awo anamwalira ndi chiyani.

"Alipo, akukolopa kuseriku," anayankha asanaganize.

Nkhope ya bwana inawala. Apa m'pamene Mayi a Mapasa anazindikira kuti akufunika kulephera mayesowa. Anayamba kutsokomola, dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti masiku ano maso sakuona bwino, miyendo ikutupa, msewu amangowoloka osayang'ana.

Amuna awo, amene mpaka lero amauza anzawo kuti akazi awo sagwira ntchito, anatuluka kuchipinda akumanga lamba.

"Achimwene, asakunamizeni awa! Chaka chatha anathyoka mkono, koma ine sindinavalepo malaya osasita. Malungo akawagwira amangowauza malungowo kuti adikire kaye amalize mbale."

"Bambo a Mapasa, khalani chete."

"Ndikukutamandanitu, amayi. Munthu asakuyamikireni?"

Bwana anagwira chanza amunawo kwa nthawi yaitali, kuwathokoza chifukwa chosamala bwino katundu wofunika chonchi. Kenako anasiya malamulo: mayiwa achepetse mchere, asayende mvula ikugwa, ndipo asakwerenso pampando posintha babu.

"Nanga babu azisintha ndani?" anafunsa amunawo, atadabwa zenizeni.

Awiriwo anakhala pansi kuti akambirane vutoli, n'kupempha tiyi.

Nesi anawatsatira Mayi a Mapasa kukhitchini, nawathandiza kutsuka makapu osauzidwa.

"Chemwali, ndilembereniko matenda," ananong'ona mayiwo. "Alionse. Ngakhale aang'ono."

Nesi anayang'ana pansi, akupukuta kapu youma kale.

"Ndikanalemba, asisi, Mulungu akudziwa. Koma makompyuta a kuntchito kwathu amayenderanso inu nomwe. Mukadwala inu, maina a odwala anga ndiwapeza pati?"