Tsiku limene sininatsike pachitunda

Lero m'mawa njinga yamoto yadutsa pamsewu wathu kuno ku Silverest, fumbi lake n'kunipeza pakhomo, ndipo nakumbukira inu, atate a Misozi. Nakumbukira njinga yanu yofiira ija ya matayala a manomano, imene tinkapitira kumunda ku Kanakantapa m'zaka za m'ma 90. Munali munthu wathupi, moti tikafika pachitunda cha kumtsinje, ine ninkatsika n'kukwera wapansi, inu mukuniyembekeza pamwamba uku mukuseka.

Chaka chimene munayamba kudwala, njinga nayo inasintha khalidwe. Inkangodumphadumpha m'mabampu, tayala lakumbuyo likuterereka mumchenga, chifukwa munali mutapepuka. Tsiku lina munati, "Amake Misozi, khalani kumbuyoku muilemeretseko, ingauluke nane iyi." Titafika pachitunda paja ninakonzeka kutsika monga mwa masiku onse, koma munati, "Khalani chabe." Inakwera nafe tonse awiri ngati tikuyandama, ngayaye za chimanga zikugwedezeka uku ndi uku, mphepo itadzaza shati yanu imene inali itakukulirani. Munafuula kuti, "Mwaona? Yapeza mphamvu!" Naine ninaseka. Koma manja anga, amene kale sankakwana m'chiuno mwanu, tsiku limenelo anakumana kutsogolo mpaka kupitirirana. Ninangogwira zolimba.

Mpaka lero nikakulotani, timakhala tili pachitunda pomwepo, dzuwa likuwala, ine sininatsike. Ninagwira ndithu, bambo. Kungoti kulemera kwanga sikunakwane kukusungani pansi pano.