Geji ya Alamu Anga pa Mtunda wa ku Shimabala

Loweruka lapitali ndinapezeka nditagona chagada pansi pa galimoto, ine amene ngakhale tayala sindidziwa kusintha. Amene anandigonekapo ndi alamu anga Ba Mbewe, amuna a achemwali anga Esinati, kwawo ku Kafue Estates. Ntchito yanga inali kugwira sipanala ndi kupereka ikafunika.

Ba Mbewe anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya feteleza ngati mmisiri wa mageji. Mapaipi a nthunzi ndi matanki a mpweya, chilichonse chinali ndi wotchi yake, ndipo iwo ndiwo ankaonetsetsa kuti singano iliyonse ikunena zoona. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa ndi kuchepetsa antchito, dzina lawo linatuluka pa mndandanda. Anagula galimoto yakale yochokera ku Japan, yaitali kumbuyo, nayamba kunyamula tomato ndi repu kuchokera m'minda ya ku Shimabala kupita ku misika ya ku Lusaka. Banja limadya kuchokera pa mawilo amenewo.

Koma munthu wokulira m'makina sangasiye galimoto mmene inabwerera. Anaiika tabo, kachipangizo kopopera mpweya wambiri mu injini kuti isamafooke pa mtunda ikasenza katundu. Chaka chatha injiniyo inasungunula pisitoni pakati pa msewu, makireti a tomato ali kumbuyo. Galimoto inakhala pa njerwa miyezi iwiri, ndipo miyezi iwiri imeneyo achemwali anga sanaiiwale.

Sabata yathayi mnzawo wakale wa ku fakitale, amene anapita kukagwira ntchito ku Joni, anawatumizira kabokosi pa basi. Munali geji yozungulira ngati chivindikiro cha botolo la jamu, waya wautali, ndi kachitsulo konga pulagi kamene amati sensa.

"Aka kamanunkhiza utsi, mulamu," anandiuza alamu anga Loweruka lija, atakagwira ngati dzira. "Injini imadya vinthu viwili, mphepo na petulo. Petulo ikachuluka, mutaya chabe. Ikachepa, mukati mumapya. Manje aka kazatiuza."

"Kazatiuza bwanji?"

"Na nambala. Tikayenda bwino-bwino, fotini poyinti seveni. Nikaponda maningi pa chulu, ifunika itsike ku ma thwelofu. Ikakwela m'malo motsika, ninshi injini ili pafupi kufa."

Dzulo lake anali atapita kwa wowotcherera wa ku Industrial Area, amene anaboola paipi ya utsi n'kumatapo nati. Bowolo analiika chakumwamba kwa paipi, kuti madzi amene amadikha m'menemo m'mawa asamanyowetse sensa. Waya anaudutsa pa kabowo ka labala kulowa nawo m'kati, naumanga kutali ndi chitsulo chotentha. Wofiira anaulumikiza pa fyuzi imene imakhala ndi moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, wakuda pa chitsulo cha galimoto chimene anayamba achipala mpaka kuwala. Waya uliwonse anaumata kapepala n'kulembapo dzina lake ndi zilembo zing'onozing'ono zoongoka. Ndani adzawerenge timapepala timeneto pansi pa dashibodi? Palibe. Anangozolowera kutero.

Asanamange sensa pa paipi, anatembenuza kiyi n'kuinyamula m'mwamba, poyera.

"Iyambe yaziba mphepo yabwino," anatero. "Ikaziba iyi, ndiye izaziba yoipa."

Tinaima choncho kwa kanthawi, anthu awiri akuluakulu, wina atatukula mkono ngati akupemphera. Kamphepo kankachokera ku mtsinje. Kutali kunkaoneka machumuni a mafakitale, ambiri osafuka. Ndinakumbuka ndili mwana, wezulo ya ku fakitale ikalira, msewu wonse kudzaza njinga ndi maovololo a buluu. Ndinaona alamu anga nawonso akuyang'ana komweko.

Achemwali anatulukira pa khomo akupukuta manja pa chitenje.

"Ba Mbewe, iyo wotchi izanyamula makileti angati?"

"Siinyamula, amake Dalitso. Imaona chabe."

"Ine nifuna chabe motoka izibwela na mawilo yake," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Titadya nshima tinakweza matumba anayi a mchenga kumbuyo, kuti galimoto ilemere ngati yasenza tomato, n'kulowa mu msewu wa ku Lusaka. Iwo anagwira chiongolero, ine anandipatsa ntchito yowerenga. Pa msewu wosalala manambala ofiira ankangovinavina pakati pa 14 ndi 15. Alamu anga ankaba kuyang'ana, nkhope ili ngati ya munthu amene wakumana ndi mnzake wa ku sukulu.

Tinafika pa mtunda wa chakufupi ndi Shimabala. Anatsitsa giya n'kuponda. Tabo inayamba kuimba mluzu, injini n'kutulutsa kamawu kopyapyala, kokoma, kongokwerakwera. Msana wanga unamatirira ku mpando. Minda ya kabichi inkathawira m'mbuyo, dzuwa likung'anima m'mizere ya madzi othirira, ndipo kwa kamphindi ndinaiwala kuti ndakhala pa galimoto ya tomato. Ndinkangomva ngati ndeke imene yatsala pang'ono kusiya nthaka.

"Mwamvela, mulamu?" anatero akumwetulira. "Ndiye nyimbo yake iyo."

Apo m'pamene ndinakumbuka ntchito yanga. Nambala inali itatsika pang'ono, koma tsopano inkakwera. 14. 15.

"Ba mulamu, sikisitini."

"Belengani futi."

"Sikisitini poyinti thuu."

Anachotsa phazi nthawi yomweyo. Tinapatukira m'mbali mwa msewu pafupi ndi mayi wina wogulitsa chimanga chootcha. Anazimitsa injini, nabwezera manja pa chiongolero. Pansi pa boneti zitsulo zinkangoti the, the, pozizira.

"Iyi saundi," anatero potsiriza, motsitsa mawu, "ndiye inalila tsiku lija na tomato. Ine nenze kuganiza ati yakondwela. Chaka chonse nenze kuuza banthu ati mvelani mwamene ilila motoka yanga."

Munthu amene khutu lake fakitale yonse inkalidalira anali atangouzidwa ndi kabokosi kuti khutulo linamunamiza.

Sanakhale nthawi yaitali akudandaula. Anatsegula boneti, nayamba kutsata njira ya petulo kuchokera ku tanki. Vuto linapezeka mu sefa. Ataimasula n'kuigogoda pa mwala, munatuluka dzimbiri ndi matope abulauni, zotsalira za petulo wa m'zigubu amene amagula m'njira akapanikizika. Poyenda pang'onopang'ono petulo ankadutsa wokwanira. Pa mtunda, injini ikafuna wambiri, sefa inkaimana. Anali ndi ina yatsopano m'bokosi la zitsulo, ndipo mayi wa chimanga uja anatibwereka madzi osamba m'manja.

Tinabwerera kumunsi n'kuyambanso mtunda womwewo. Ulendo uno nambala inatsikira pa 12 n'kukhazikika pamenepo mpaka pamwamba. Injini inkalira mawu okhuthala, olemera, osakoma kwenikweni. Palibe amene akanatembenuka kuti aione.

Pobwerera anayendetsa pang'onopang'ono, nayamba kundiuza za chipinda chimene ankagwiramo ntchito. Khoma lonse mageji okhaokha, mizere mizere, masingano onse ataima pamalo pake ngati ana a kwaya. Anati mpaka lero amachilota. M'malotomo amayenda ndi kabuku kake kuchokera ku geji yoyamba mpaka yomaliza, ndipo zonse zili bwino, palibe yofuna kukonza, koma iwo amangoyendabe chifukwa n'kosangalatsa kuona.

Ndakhala ndikuganiza za malotowo sabata yonseyi m'basi ya ku ntchito.

Tauni yathu ino inadzaza anthu ochokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, amene anabwera kudzaphunzira kuyeza zinthu. Ena ankayeza kutentha kwa ng'anjo, ena kulimba kwa ulusi, ena kuongoka kwa njanji. Lero mukawapeza pa msika akugulitsa zovala za salaula kapena atakhala pa khonde, mungadziwe? Timawapatsa moni, "Muli shani, ba shikulu," n'kudutsa. Wina akagula kachipangizo ngati ka alamu anga timaseka, timati mkuluyu akusewera ngati mnyamata. Inenso m'mawa wa Loweruka lija ndinkaseka chamumtima.

Chikhalirecho ife tonse tayamba kuyendera khutu. Magalimoto a ku Japan adzaza msewu, aliyense ndi makaniko wake wa pansi pa mtengo, ndipo funso lathu ndi limodzi: ikulira bwanji? Ikalira bwino, tiyeni. Pampu ya pa munda, waya wa magetsi m'nyumba zimene tikumanga tokha, mabuleki a minibasi imene ndakweramo lero, ndani anaziyezapo? Amene amadziwa kuyeza alipo, nyumba yachitatu kuchokera pa yanu. Munapitako liti kukawafunsa?

Tikulowa mu Estates tsiku lija, Ba Mbewe anandiuza chinthu china. Petulo wa kuno ali ndi mtovu, ndipo mtovuwo umapha sensa pang'onopang'ono. Mwina ikhala miyezi ingapo, mwina chaka, kenako idzayamba kunama n'kufa. Ina sadziwa ngati adzaipeza.

"Nanga mwavutikila chani?" ndinafunsa.

"Pamene ikali moyo, nizaphunzisa khutu yanga futi. Nizaziba saundi ya thwelofu."

Tinapeza achemwali atakhala panja akusankha nyemba. Anayang'ana galimoto, anayang'ana malaya a amuna awo odetsedwa ndi petulo.

"Yakamba chani wotchi yanu?"

Ndinkayembekeza kuti alamu anga ayankha mozungulira. Anaima pafupi ndi lichero, manja ali kumbuyo.

"Yakamba ati injini ija ninaipha neka, amake Dalitso. Na iyi nenze pafupi kuipha."

Achemwali anapitiriza kutola timiyala m'nyemba. Kenako anaika lichero pansi, napita pa galimoto, nasuzumira pa windo. Geji inali yozima, kagalasi kakuda chabe, koma anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Pa Mande nizankhala kutsogolo," anatero. "Imwe muziyangana msewu. Munionetse chabe nambala yoipa."