Lilime la Bambo Olemba za Zakudya

Pa phwando lotsegulira malo odyera, bambo olemba a nyumba ya pakona anayamikira keke mokweza, amvekere ikutsekemera ngati uchi. Chonsecho wophika anali atasokoneza shuga ndi mchere. Anthu anafa nalo phwete, iwonso anaseka nawo, koma pobwerera anayenda chozolika.

Bambowa alibe bwana. M'mawa amalembera makampani zilengezo, masana amalembera magazini nkhani za zakudya. Amakonda kunena kuti, "Za makampani n'za mimba, za zakudya n'za mtima."

Chomwe akonzi a magazini sadziwa n'chakuti matenda anawapha lilime bambowa kalekale. Amene ankalawa zakudyazo anali akazi awo, iwo n'kumangolemba zomwe awanong'oneza. Chaka chatha mayiwo anatsikira kulichete, ndipo akonziwo ayamba kudandaula kuti nkhani zazizira.

Dzulo bambowo anagogoda kwa mayi ena osoka zovala oyandikana nawo, mbale ya supu ili m'manja.

"Talawani mayi, mundiuze."

"Ikukoma."

"Kukoma kotani?" anafunsa bambowo, cholembera chili m'manja.

Mayiwo anabweza supuni. "Kukoma basi, bambo. Mawu enawo anapita ndi malemu akazi anu, ine ndimangodya."